Mwana akafuna kukaphunzira za banja ku Korea, tisamuseke koma tisamunamizenso

Sabata yatha achemwali anga, amene amagulitsa kaunjika mu Limbe, ananditumizira uthenga woti ndifike msanga, ndipo m'mene uthengawo unamvekera ine ndinkayesa kwagwa zovuta. Nditafika ndinapeza onse ali bwino. Nkhani inali ya mwana wawo wamkazi amene watsala pang'ono kumaliza digiri yake yoyamba. Mwanayu akuti akufuna kukapitiriza maphunziro ku South Korea, ndipo zimene akufuna kukaphunzira ndi za banja ndi jenda, kuti tsiku lina adzakhale mphunzitsi wa pa yunivesite.

"Achimwene, tamuuzani mwana wanuyu," anatero achemwali. "Ine ndapsa ndi dzuwa pa mabelo zaka zonsezi kuti iyeyu akaphunzire za banja? Za banja si zija timauzana kuchinamwali ndi kuchilangizo? Zimenezi zimadyetsa munthu?"

Mwana nayenso sanachedwe kuyankha. "Amalume, amayi sakuzitsata. Ku Korea anthu anasiya kubereka, boma lasowa mtengo wogwira. Aliyense wodziwa za banja kumeneko ntchito ikuchita kumusaka."

Ine monga malume ndinayenera kuweruza, ndipo ndaganiza zobweretsa chiweruzo changa pa tsamba lino pakuti sindikhulupirira kuti khomo lathu ndi lokhalo. Mafoni a ana athu adzaza ndi mafilimu ndi nyimbo za ku Korea, ndipo ambiri a iwo akulota zokaphunzira kumeneko. Chiweruzo changa ndi chakuti onse awiri ananena zoona theka, n'kulakwa theka. Maphunziro amenewa si chilangizo ayi, ndi maphunziro olemera amene anagwetsapo malamulo a dziko. Komanso ntchito za pa yunivesite zimene mwanayu akuziyembekezera zikuchepa chaka ndi chaka, ndipo chikuzidya ndi vuto lomwelo limene iye akuti lidzamupatsa ntchito.

Ndiyambe ndi achemwali, pakuti ndiwo aakulu.

Mumzinda wa Seoul muli yunivesite ya amayi okhaokha yotchedwa Ewha. Anaiyambitsa ndi mayi wachimishoni wa mpingo wa Methodist wochokera ku America, Mary Scranton, m'chaka cha 1886, ndipo anayamba ndi wophunzira mmodzi yekha. Mu 1929 sukuluyi inatsegula gawo lophunzitsa za kasamalidwe ka pakhomo, zija za zakudya, zovala ndi kulera ana. Apa achemwali akanaomba m'manja kuti ndimanena ine. Zoonadi, maphunziro a za banja ku Korea anamera pamenepo, ngati m'mene zinakhalira kuno kwathu ku Chancellor College kumene gawo la Home Economics linadzasanduka Human Ecology. Ku Seoul National University kusintha dzina komweku kunachitika mu 1997, ndipo lero kuli gawo loona za kakulidwe ka ana ndi mabanja limene limachita kafukufuku wa ukwati, kusudzulana, ukalamba ndi umphawi wa pakhomo. Zophika zinatsala m'mbuyo kalekale.

Muzu wachiwiri ndiwo wandikopa mtima kwambiri. Panali mayi wina dzina lake Lee Hyo-jae, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, amene anayambitsa gawo la maphunziro amenewa pa Ewha mu 1958 ndipo kafukufuku wake anali wa banja la Chikoreya. Mu 1977 iye ndi anzake anayambitsa phunziro loyamba la za amayi m'dzikomo. Mu 1982 Ewha inayamba kupereka digiri yachiwiri ya za amayi, ndipo mu 1990 inayamba kupereka PhD. Musaganize kuti zinkayenda myaa. Nthawi imeneyo dziko linali m'manja mwa asilikali, ndipo mu 1980 boma la Chun Doo-hwan linachotsetsa ntchito mayiyu chifukwa cholankhula za demokalase, n'kudzabwerera pa mpando wake mu 1984. Ife amene tikukumbuka zimene zinamuonekera Jack Mapanje mu 1987 sitingadabwe nazo. Boma lankhanza limadziwa mphunzitsi woopsa, ndipo silivutika ndi munthu wophunzitsa kusoka malaya.

Kodi amayi amenewa ankalimbana ndi chiyani? Ankalimbana ndi lamulo lotchedwa hoju. Pa lamuloli banja lililonse linkalembedwa m'kaundula wa boma pansi pa mutu wa banja mmodzi, ndipo umutuwo unkatsata amuna. Bambo akamwalira, mpando unkapita kwa mwana wamwamuna, kenako kwa mdzukulu wamwamuna, mkazi wamasiye n'kubwera kumbuyo kwenikweni. Motero kamnyamata koyamwa kankatha kukhala mutu wa banja pamaso pa lamulo, amayi ake ndi agogo ake ali pansi pake. Mkazi akakwatiwa ankafufutidwa m'kaundula wa kwawo n'kulembedwa kwa mwamuna. Banja likatha, mayi ankatha kulera ana yekha, kuwadyetsa ndi kuwalipirira fizi, koma anawo n'kukhalabe m'kaundula wa bambo amene mwina sanawaoneko zaka khumi. Dongosololi linakhwima m'nthawi ya utsamunda wa Japan, pakati pa 1910 ndi 1945, ndipo dziko litadziimira linalowetsedwa m'malamulo atsopano a za banja amene anayamba kugwira ntchito mu 1960.

Loya woyamba wamkazi m'dzikomo, Lee Tai-young, anakhoza mayeso a zamalamulo mu 1952, koma pulezidenti Syngman Rhee anakana kumupatsa ujaji. Mu 1956 anatsegula ofesi yothandiza amayi osauka pa milandu ya m'banja, ndipo madandaulo amene ankamva tsiku ndi tsiku ndiwo anakhala umboni womenyera lamuloli. Iye anamwalira mu 1998 hoju ikadalipo. Akuluakulu otsata chiphunzitso cha Confucius ankachita zionetsero kunena kuti kuchotsa hoju n'kupha mtundu. Koma mu February 2005 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti hoju ikutsutsana ndi malamulowo, mwezi wotsatira Nyumba ya Malamulo inaichotsa, ndipo pa 1 January 2008 kaundula watsopano, wa munthu aliyense payekha, anayamba kugwira ntchito. Tawerengani zaka kuchokera 1956. Ndi moyo wa munthu wathunthu. Amene anasonkhanitsa ziwerengero, kulemba mabuku ndi kukaima pamaso pa aphungu anali maloya pamodzi ndi aphunzitsi ndi ophunzira a maphunziro amene achemwali anga akuti ndi chinamwali.

Pali chinanso chimene akatswiri omwewa anachikuwira mpaka dziko linamva. Chifukwa chofunitsitsa mwana wamwamuna, makina ounikira pathupi atafika anthu anayamba kuchotsa mimba za ana aakazi. Mu 1990 pa atsikana 100 alionse obadwa pankabadwa anyamata oposa 116, pamene mwachilengedwe amayenera kukhala pafupifupi 105. Lero chiwerengerocho chinabwerera m'malo mwake, ndipo South Korea imatchulidwa ngati dziko limene linakwanitsa kubweza vuto limeneli. Ndiye achemwali, mawu anu aja oti zimenezi n'zachibwana abwezeni.

Tsopano ndibwere kwa mwana.

Zimene ananena zoti anthu kumeneko akubereka mochepa ndi zoona, mwinanso kuposa m'mene iye akudziwira. Mu 1960 mayi wa ku South Korea ankabereka ana pafupifupi 6. Boma linayamba kampeni ya kulera mu 1962, ndipo linaigwira ndi manja awiri: linkauza anthu kuti ana awiri akwana, kenako linati mmodzi akwana, mpaka amuna ovomera kutseketsa ankakhululukidwa masiku a maphunziro a usilikali. Pofika 1983 chiwerengero chinali chitatsika kufika pa ana awiri, koma boma linadzasiya ndondomekoyi mu 1996, madzi atafika kale m'khosi. Mu 2018 chinatsika kupyola mwana mmodzi. Mu 2023 chinafika pa 0.72, kutanthauza kuti zinthu zitakhala choncho amayi 100 angabereke ana 72 okha moyo wawo wonse, ndipo mumzinda wa Seoul chinali 0.55. Mu 2024 chinakwerako pang'ono kufika 0.75. Kuyambira 2020 omwalira akuposa obadwa. Mu 2022 pulezidenti wa nthawiyo, Yoon Suk-yeol, anavomera yekha kuti boma linali litathira ndalama zoposa madola 200 biliyoni pa vutoli m'zaka 16, koma osaona phindu lake.

Akatswiri a za banja ndi jenda akhala akunena kuti ndalama za m'manja sizingagule mwana. Amaloza mtengo wa nyumba, pakuti theka la anthu onse a m'dzikomo launjikana mu Seoul ndi madera ozungulira. Amaloza sukulu zamadzulo zolipira zotchedwa hagwon, pakuti pa maphunziro oonjezera otere makolo anaononga ndalama zokwana 27 thililiyoni won m'chaka cha 2023 chokha. Amaloza maola ataliatali a ntchito, komanso malipiro a amayi amene amatsalira kwa a abambo ndi pafupifupi 30 pa 100, kusiyana kwakukulu kuposa dziko lina lililonse m'bungwe la maiko olemera la OECD. Mayi akabereka, nthawi zambiri ntchito yake imaduka, ndipo akabwerera amapeza anzake anapita kale patsogolo. Onjezanipo kuti kubereka kunja kwa ukwati n'kosowa kwambiri kumeneko, ana osakwana 5 pa 100 mu 2023, ndiye kuti mtsikana akangoti ukwati toto, mwana palibenso.

Ndiye ntchito zilipo? Zilipo ndithu, sindikana. Boma lili ndi mabungwe ake a kafukufuku, monga Korean Women's Development Institute limene linakhazikitsidwa mu 1983, Korea Institute for Health and Social Affairs, ndi Korea Institute of Child Care and Education, ndipo onsewa amalemba anthu a PhD. Mizinda ndi zigawo nazo zili ndi mabungwe awoawo. Lamulo la za mabanja la 2004 linabweretsa malo othandizira mabanja m'maboma, ndipo lamulo lina la 2008 linabweretsa malo othandizira mabanja osakanikirana mitundu, pakuti alimi ambiri akumidzi atasowa akazi anayamba kukwatira ochokera ku Vietnam, China ndi Philippines, moti mu 2005 maukwati oposa 13 pa 100 anali a Mkoreya ndi mlendo. Malo amenewa alipo oposa 200, ndipo amalemba anthu ophunzira za banja. Koma mwana wa achemwali ayenera kudzifunsa kuti adzalankhula chilankhulo chanji ndi mayi amene wabwera akulira kuti apongozi akumuzunza. Ntchito zimenezi zimayenda m'Chikoreya, malipoti ake amalembedwa m'Chikoreya, ndipo amene ali pamzere wozifuna ndi eni dziko okhala ndi madigiri omwewo.

Za pa yunivesite ndiye nkhani ina, ndipo apa ndikupempha ophunzira amene akuwerenga tsamba lino kuti atchere khutu. Yunivesite ili ngati sitolo, imafuna makasitomala, ndipo makasitomala ake ndi ana amene anabadwa zaka 18 kapena 19 zapitazo. Mu 1970 ku South Korea kunabadwa ana pafupifupi 1 miliyoni. Mu 2002 anali osakwana 500,000. Mu 2023 anali pafupifupi 230,000. Malo a chaka choyamba m'mayunivesite ndi m'makoleji ndi oposa 400,000. Wogulitsa tomato aliyense angakuuzeni chimene chimachitika mabenchi akachuluka kuposa ogula. Kale mu 2021 malo oposa 40,000 anasowa ophunzira, makamaka m'sukulu za kutali ndi likulu. Eni ake ali ndi nthabwala yowawa yoti mayunivesite adzatsekedwa motsata m'mene maluwa a mitengo ya cherry amaphukira, kuyambira kumwera kumene kumayamba kufunda, kukwera pang'onopang'ono kulowera ku Seoul. Mayunivesite ambiri kumeneko si a boma, amadalira fizi, ndipo kuyambira 2009 boma linawapanikiza kwa zaka zoposa khumi kuti fizi isakwere.

Nanga sukulu ikayamba kudula, imayambira pati? Siyambira ku udokotala kapena ku uinjiniya ayi. Imayambira ku magawo aang'ono amene alibe kampani yowaikira kumbuyo. Mayunivesite angapo amene anatsegula maphunziro a za amayi m'zaka za m'ma 1990 anadzawatseka kapena kuwaphatikiza ndi magawo ena. Amene ali ndi PhD ya jenda nthawi zambiri amafuna mpando m'gawo la eni ake, la zachikhalidwe cha anthu, la zamalamulo kapena la mbiri yakale, ndipo kumeneko amapikisana ndi ana a pakhomo. Vuto limene ladzetsa njala ya akatswiri a za banja ndi lomwelo likugwetsa denga la nyumba imene akatswiriwo akanakhalamo.

Amene alephera kupeza mpando amakhala aphunzitsi a ganyu, olipidwa pa ola. Amalonda anzanga, mumve dzina limene Akoreya amawapatsa aphunzitsi otere: amawatcha ogulitsa oyenda ndi mtolo, pakuti m'mawa amaphunzitsa pa sukulu iyi, masana akwera sitima kupita pa ina, mabuku ali m'chikwama, opanda ofesi, opanda chitsimikizo choti teremu ya mawa adzaitanidwanso. Munthu wa PhD, venda wa maphunziro. Mu 2010 mphunzitsi wina wa ganyu mumzinda wa Gwangju anadzipha, n'kusiya kalata yodandaula za m'mene aphunzitsi otere amadyeredwa masuku pamutu. Imfayo inabala lamulo lowateteza, limene linazengerezedwa kangapo mpaka linayamba kugwira ntchito mu August 2019, lonena kuti mphunzitsi azilembedwa kosachepera chaka chathunthu. Mukudziwa chimene mayunivesite anachita? Anayamba kuwachotsa lamulo lisanafike, ndipo oposa 7,000 anataya ntchito m'chigawo choyamba cha chaka chomwecho. Walira mvula walira matope.

Ndipo kwa munthu wamkazi phiri lake ndi lalitali kuposa. Atsikana akhala akulowa yunivesite mochuluka kuposa anyamata kwa zaka zoposa khumi, komabe mu 2020 Nyumba ya Malamulo inachita kukhazikitsa lamulo loti pofika 2030 amayi akwane 25 pa 100 ya mapulofesa m'mayunivesite a boma. Ngati akuchita kulamula kuti pa anthu anayi mmodzi akhale mayi, mutha kuona nokha m'mene zinthu zinalili.

Kenako pali ndale. Mawu oti jenda kumeneko amayatsa moto kuposa kuno. Mu 2016 mtsikana wina anaphedwa ndi mwamuna wosamudziwa pafupi ndi siteshoni ya Gangnam, ndipo atsikana zikwizikwi anadzuka. Chaka chomwecho kunatuluka buku la Cho Nam-joo lotchedwa Kim Jiyoung, Born 1982 limene linagulidwa makope oposa 1 miliyoni. Mu 2018 loya wa boma, Seo Ji-hyun, anaulula pa wailesi yakanema za nkhanza zimene anachitiridwa ndi mkulu wa kuntchito, ndipo ambiri anatsatira. Koma anyamata ambiri, amene amakakamizidwa kukatumikira ku usilikali chaka ndi theka pamene ntchito zikusowa, anayamba kuona ngati iwo ndiwo oponderezedwa. Mu 2021 katswiri woponya mivi, An San, anapata mendulo zitatu zagolide ku Tokyo, koma ena kwawo anamunyoza pa intaneti chifukwa cha tsitsi lalifupi, ati ndi chizindikiro cha omenyera ufulu wa amayi. Mu January 2022 Yoon Suk-yeol, ali pa kampeni, analemba pa Facebook kuti adzathetsa unduna woona za jenda ndi mabanja, umene unayamba mu 2001 m'nthawi ya Kim Dae-jung. Anapambana chisankho, undunawo anaulephera kuuthetsa, koma unakhala wopanda nduna kuyambira February 2024 kwa nthawi yoposa chaka. Iye anachotsedwa pa mpando mu April 2025 chifukwa cholengeza ulamuliro wa asilikali, ndipo boma la Lee Jae-myung linausunga undunawo n'kuukulitsa. Taganizani munthu amene ndalama za kafukufuku wake zimadalira unduna umene lero aufuna, mawa aukana. Amagona tulo totani?

Wina anena kuti nanga kunja kwa Korea? Inde, kumeneko ndiko kuli kakhomo kena. Bungwe la Korea Foundation, limene linakhazikitsidwa mu 1991, limathandiza mayunivesite a maiko ena kutsegula mipando ya maphunziro a za Korea, ndipo Academy of Korean Studies nayo imapereka ndalama za kafukufuku. Chifukwa cha kutchuka kwa mafilimu ndi nyimbo, ophunzira ofuna za Korea achuluka ku America, ku Ulaya ndi ku Australia, ndipo za banja ndi jenda ndi zina mwa zimene amazifuna kwambiri. Nkhani zofufuza ndiye zosatha. Imodzi yokha: ana pafupifupi 200,000 anatumizidwa kukaleredwa kunja kuyambira nkhondo ya ku Korea itatha mu 1953, ambiri a iwo ana a amayi osakwatiwa, ndipo mu March 2025 komiti ya boma yofufuza zoona inapeza kuti panali chinyengo ndi kuphwanya ufulu, boma likuyang'ana kumbali. Koma mipando imeneyi imatuluka umodziumodzi, ndipo ofunsira amachokera dziko lonse lapansi, ambiri a iwo Akoreya obadwira m'chilankhulocho amene anakatenga PhD ku America. Muno mu Africa maphunziro a za Korea akadali khanda. Ku University of Nairobi aliko, koma malo otere ndi owerengeka pa zala.

Ndiye kodi ndinamuletsa mwanayu? Ayi. Ndinamuuza kuti apite, koma pa mfundo ziwiri, ndipo pa ziwirizi sindisuntha.

Yoyamba ndi ya ndalama. Asapite ndi ndalama za kaunjika. Boma la Korea lili ndi sikolashipu yotchedwa Global Korea Scholarship imene imalipira ndege, fizi ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi, ndipo chaka choyamba chonse chimakhala chophunzira chilankhulo. Amafuna munthu wosafika zaka 40, wokhoza bwino, malikisi a 80 pa 100 kupita m'mwamba, ndipo asanayambe digiri ayenera kukhoza gawo lachitatu mwa magawo 6 a mayeso a Chikoreya otchedwa TOPIK. Ewha nayo kuyambira 2006 ili ndi sikolashipu yakeyake ya atsikana ochokera m'maiko osauka. Bungwe la KOICA limaperekanso maphunziro a digiri yachiwiri, ngakhale kuti kawirikawiri limatenga ogwira ntchito m'boma. Akapeza imodzi mwa zimenezi, apite ndi madalitso anga. Akalephera, ndipo akufunabe jenda, Makerere ku Uganda yakhala ikuphunzitsa zimenezi kuyambira 1991, ndipo University of Cape Town ili ndi African Gender Institute kuyambira 1996. Kumeneko ndi pafupi, m'Chingerezi, ndipo mabanja amene amakambidwa m'kalasi amafanana ndi athu. Kugulitsa puloti kuti mwana akalipire yekha fizi ku Seoul pa maphunziro amenewa, ine ndingati ndi misala.

Yachiwiri ndiyo yaikulu. Apite ndi funso lochokera kuno, ndipo maso ake akhale pa ntchito ya kuno kapena ya m'chigawo chino cha Africa. Akakapikisana ndi Mkoreya pa kufotokoza banja la Chikoreya adzagonja, ngakhale atakhala wanzeru chotani. Koma pali chimene iye ali nacho chimene mnzake wa ku Seoul alibe. Iye anakulira m'mbumba. Akudziwa kuti kuno kwathu ana ndi a kwa mayi, kuti mwamuna amapita chikamwini, kuti nkhani ya maphunziro ake yomwe ino aweruza ndi malume. Akudziwanso kuti ku Mzimba ndi ku Nsanje zinthu zimayenda mwina, ana amatsata kwa bambo. Dziko limodzi, madongosolo awiri, pansi pa lamulo limodzi la ukwati la 2015. Munthu wotere akakhala m'kalasi imene ikukamba za hoju amaona zimene ena saona, ndipo amatha kufunsa funso limene lingawadzidzimutse aphunzitsi ake: ngati kutsata kwa bambo ndiko kunapondereza mkazi wa ku Korea, bwanji mkazi wa ku Chiradzulu, amene munda ndi wake ndipo ana ndi ake, sanapezebe mtendere? Funso limenelo ndi PhD yathunthu, ndipo palibe angamulande.

Komanso ife tili ndi chifukwa chenicheni chofunira munthu amene anaiona Korea ndi maso ake. Kafukufuku wa dziko lino anaonetsa kuti mu 1992 mayi wa ku Malawi ankabereka ana 6.7, ndipo pofika 2015 ndi 2016 anali 4.4. Tikadali kutali ndi mavuto a ku Seoul, ndipo sindikunena kuti tisiye kulera, Mulungu andikhululukire, pakuti minda yatha ndipo m'kalasi imodzi ana akukhala ngati nyerere. Koma Korea inachoka pa ana 6 kufika pa awiri m'zaka 23 zokha, dziko lonse likuiombera m'manja, ndipo panalibe amene ankafunsa kuti mayi amene walowa ntchito mwana amusiyira yani, nkhalamba idzasamalidwa ndi yani, nyumba m'tauni adzaikwanitsa ndani. Mafunso amenewo anadzafunsidwa mochedwa, ndipo mtengo wake ndi madola 200 biliyoni aja. Alendo akabwera kudzatiphunzitsa za chitukuko cha Korea amatiuza za mafakitale, misewu ndi m'mene midzi inatukukira. Za ma 0.72 satchula kawirikawiri. Ndikufuna pa mayunivesite athu, ku unduna wa jenda ndi ku ofesi yowerenga anthu ku Zomba pakhale mwana wathu amene angaimike dzanja n'kunena kuti mbali inayo ndinaiona, ndipo ndinawerenga malipoti ake m'chilankhulo cha eni ake.

Sindikulonjeza kuti kuno mpando ukumudikira. Tonse tikudziwa a madigiri awiri amene akugulitsa mayunitsi m'misewu. Koma kuno ana obadwa akuchuluka, mayunivesite akutsegulidwa m'malo motsekedwa, ndipo amene angaphunzitse za banja ndi umboni wa maiko awiri ndi ochepa. Kwa wamalonda, kusankha pakati pa msika umene ogula akutha ndi msika umene ogula akubwera si nkhani yofunsira kwa sing'anga.

Ndinamuuzanso mwanayu kuti asadikire kalata ya sikolashipu kuti ayambe chilankhulo. Zilembo za Chikoreya, zimene mfumu Sejong inalengeza mu 1446, zilipo 24 zokha ndipo munthu amatha kuzidziwa m'masiku ochepa. Chovuta ndi chilankhulo chenichenicho, chimene chili ndi malankhulidwe aulemu osiyanasiyana malinga ndi msinkhu ndi udindo wa amene ukulankhula naye, ngakhale kuti pamenepo mwana woleredwa bwino wa kuno, amene sanganene kuti iwe kwa apongozi, ali kale ndi poyambira. Maola amene amathera pa mafilimu aja awagawe pawiri.

Achemwali anamvetsera zonsezi ali chete, akupinda malaya a m'belo latsopano. Nditamaliza anati ndalama ya puloti sakhudza, zimenezo amva, ndipo za mayi Lee uja amene anachotsedwa ntchito zawagwira mtima. Kenako anafunsa funso limene ndikuganiza kuti ndi limene linawasowetsa tulo kuyambira pachiyambi: "Nanga achimwene, akakapeza mwamuna konko, chikamwini adzabwera kudzachitira ku Limbe kuno?"

Ndinawauza kuti imeneyo tidzaikamba mwana akadzakhoza TOPIK.